Msewu Wosakhota

Tinagulitsa nyumba ya ku Whyalla mwezi wa Meyi
n'kugula ina yamatayala anayi,
ya bedi, mbaula, ndi kazenera kosatsekeka bwino.
Warwick anati tizungulira dziko lonseli,
nyanja ili kumanzere kwathu, mpaka tidzafike pomwe tayambira.
Ine ndinati chabwino,
koma ndowa yanga ya maluwa sindiisiya.

Zaka makumi anayi ndi ziwiri, woyendetsa ndi iye.
Ine wa mapu, wa fulasiki, wowerenga zikwangwani mokweza:
samalani ngamila, samalani kangaru.
Sindinadziwe kuti ndikumuwerengera
zimene maso ake anasiya kuwerenga.

Ku Penong anathira dizilo mpaka kutayikira pa nsapato.
Ku Nullarbor, kumene nthaka inaiwala mtengo,
tinaima pamwamba pa phompho
pomwe mtunda umathera mwadzidzidzi ngati buledi wodula ndi mpeni.
Pansipo anangumi ndi ana awo,
akuda bii, akupemerera madzi m'mwamba.
Ndinati, taona uyo, wagubuduka!
Iye anati eya, ngokongola,
akuyang'ana komwe kunali thovu lokhalokha.

Pamalire anatilanda malalanje ndi uchi wa mng'ono wanga.
Mtsikana wa yunifolomu anamupatsa pepala;
anasaina kutali ndi mzere, mopendama, ngati mwana.
Ndinaona. Ndinameza mawu.

Usiku ku Eucla mphepo inagwedeza kalavani,
mapoto akunong'onezana m'kabati,
ndipo mumdima, atayang'ana kukhoma, anati:
Noeleen, pakati pa chilichonse pali banga.
Nkhope yako ndimaiona m'mbali mokha,
makutu, tsitsi. Pakati pali mbuu.

Kuyambira liti?
Kuyambira Khirisimasi.
Nkhalamba yopusa iwe, ndinatero, ukanatipha tonse.
Kenaka ndinamufunditsa bulangeti, mapazi ake ali zii.

M'mawa makiyi anali m'mbale yanga, pambali pa dzira.

Kupitirira Caiguna kuli msewu wosakhota ngakhale pang'ono,
makilomita oposa zana ndi makumi anayi.
Ndi pamenepo manja anga anasiya kunjenjemera.
Zimalole za ngolo zitatu zinkabwera ngati tauni ikusamuka,
mphepo yake kutikankha, nyumba kuvina kumbuyo,
iye ali, usaponde buleki, ingogwira, ingogwira,
ngati akunyengerera hatchi.
Fumbi lofiira m'mano, ntchentche pamilomo,
akhwangwala pa nyama yogundidwa, osathawa mpaka utawafika.
Wa fulasiki tsopano ndi iye.
Amathira tiyi chala chili m'kapu
kuti adziwe podzadzira.

Ku Esperance kuimika kalavani chafutambuyo kunandikanika.
Kasanu ndi kawiri.
Ndikati kumanja, nyumba ikuti kumanzere.
Anthu a m'makalavani ena anatuluka ndi mipando ndi mowa
kudzaonerera zaulere.
Warwick anaima kumbuyo, chikhatho pakhoma,
akuimva ikuyenda,
akufuula, pang'ono, pang'ono, basi, basi ndati!
Tinathyola mpopi wa madzi.
Anatiombera m'manja ndithu,
wina n'kubweretsa sipanala ndi soseji ziwiri.

Madzulo, mchenga woyera ukulira kunsi kwa mapazi,
anandifunsa mtundu wa madziwo.
Ndinafunafuna mawu, osawapeza.
Ndinati ali ngati diresi lija ndinavala pa ukwati wa Desley,
lija unati likundinenepetsa.
Anaseka mpaka kutsokomola.
Anati, basi, ndawaona.

Mawa tilowera kumpoto, kotentha.
Mapu ndimawerenga usiku ndi tochi,
iye akutchula pamtima mayina a matauni
ndi pomwe dizilo amadula.
Kazenera kaja sikatsekekabe.
Maluwa aja anatsala pamalire, ndi dothi lomwe,
ndinalira pang'ono, osati kwambiri.
Ndowayo ilipo.
Muli zigoba za nkhono zimene amatola ndi zala m'mphepete mwa nyanja,
zina zosweka, zina zosaoneka bwino konse.
Sindimuuza.
Ndimangomvetsera zikuchita phokoso kumbuyoko
msewu ukayamba mabampu.